Kalata yotseguka kwa madokotala olangiza bungwe lathu la himofiliya: nyengo ya jando yayandikira

Olemekezeka madokotala, anamwino ndi akatswiri a kafukufuku amene mumakhala m'komiti yolangiza bungwe lathu,

Landirani moni kuchokera kuno ku Mangochi. Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ife kuno tiliko, kungoti mitima ili m'mwamba, ndipo n'chifukwa chake ndatenga cholembera.

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, komanso ndine mwini mbumba kwathu. Mwana wa achemwali anga, mnyamata wa zaka 9, ali ndi himofiliya, matenda aja amene magazi saundana munthu akavulala. Bambo ake ali ku Joni, ndiye za kuchipatala zonse zimagwera ine amjomba ake. Ndine mmodzi wa makolo amene timakumana pa boma Loweruka loyamba la mwezi, ena kuchokera ku Namwera, ena ku Chilipa, ena ku Monkey Bay, ndipo zimene ndalemba pano tinagwirizana tonse.

Ndiyambe ndi kuthokoza, poti wosayamika ndi mfiti. Tikudziwa kuti ntchito yolangiza bungweli simulandira nayo kanthu, mumaigwira mutaweruka ku ntchito zanu. Anali mmodzi wa inu amene anagwira bondo la mwana wathu n'kunena kuti, "Uyu timuyeze magazi," titatha zaka zinayi tikuzungulira nalo. Ndinu amene munatimasulira kuti m'magazi mwake mukusowa chinthu chotchedwa factor VIII, ndipo chimene ali nachocho sichikwana ngakhale 1 pa 100 ya mlingo wa munthu wabwinobwino. Ndinu amene mumalemba makalata opempha mankhwala kunja, mankhwala oti banja ngati lathu silingagule ngakhale litagulitsa munda. Zimenezi sitiiwala. Koma wakutsina khutu ndi mnansi.

Miyezi iwiri yapitayo, pa gulu lathu la WhatsApp panabwera kalata ya tsamba limodzi, ya m'Chingerezi, yonena kuti potsatira malangizo a komiti yanu, mabotolo onse a factor, mankhwala obwezeretsa chosowa m'magazi chija, azisungidwa ku zipatala zazikulu za mumzinda basi, ndipo ulendo wanu wobwera kuno miyezi itatu iliyonse waima kufikira ndalama zitapezeka. Palibe kholo la kuno limene linafunsidwa. Ndakulemberani kawiri mwakachetechete, yankho silinabwere. Ndiye ndalemba poyera, kuti mafumu, mashehe, abusa ndi angaliba amve nawo, pakuti nkhaniyi ndi yawonso.

Dandaulo loyamba ndi mtunda. Munatiphunzitsa nokha kuti magazi akayamba kutayikira m'bondo kapena m'chigongono, mwana alandire factor pasanathe maola awiri. Kuchoka pa boma la Mangochi kukafika ku Blantyre ndi makilomita oyandikira 190. Maola awiriwo tiwapeza kuti?

Ndikuuzeni zimene zinachitika sabata zitatu kalata yanu itangofika. Mwana wathu anapunthwa pakhonde madzulo, dzuwa litapendeka. Panalibe bala, panalibe dontho la magazi pansi. Pofika nthawi ya nsima anati bondo likunyerenyetsa. Pakati pa usiku linali litatupa ngati papaya, lotentha ukaligwira, khungu litachita kunyezimira. Kabuku kanu kamati tiikepo ayezi. Ife ayezi wathu ndi mafirizesi amene mayi wina amagulitsa pageti la sukulu. Tinakamugogodera, tinagula asanu, tinakulunga m'chitenje n'kuika pabondopo mpaka onse anasungunuka. Mwanayo sankaliranso, ankangoluma nsonga ya bulangete. Kutacha tinamukweza pa kabaza wa njinga yamoto, mwendo uli lendee, amayi ake atamugwirira kumbuyo. Pa depoti minibasi inadikira kudzaza. Pa Liwonde inaimanso, pa Zomba inaimanso. Jakisoni analandira dzuwa likulowa tsiku lachiwiri. Ndipo poti factor VIII sakhalitsa m'thupi, pakangotha maola 8 mpaka 12 theka lake limakhala litapita, anayenera kubayidwanso, ndiye tinagona komweko masiku atatu. Mbuzi imodzi inapita. Lero mwendowo suwongoka bwino, mwana akuyenda monyang'ama, ndipo mpira amangoonerera ali chikhalire pansi pa mtengo. Miyezi ya m'mbuyomo, mabotolo ali pafupi, ulendo umenewu unkatha tisanadye nkhomaliro.

Ifetu ndife a mwayi, tili pafupi ndi msewu wa tala. Taganizirani wa ku Makanjira m'nyengo ya mvula, mitsinje itadzaza, amene kungofika pa boma pokha ndi ulendo wa tsiku lathunthu.

Zifukwa zanu tazimva ndipo sitikuzinyoza. Mwati mankhwalawo ndi ochepa, mabotolo ena amatha mphamvu asanagwire ntchito, magetsi amazimazima, ndipo kutentha kwa Mangochi mu Okutobala si kocheza. Zoona zonsezi. Koma katemera wa ana amasungidwa bwanji? Ali m'mafuriji oyendera dzuwa mpaka m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, ndipo kuzizira kumene amafuna, madigiri 2 mpaka 8, n'komwekonso kumene factor amafuna. Mwatinso pamafunika munthu wodziwa kubaya pamtsempha. Anamwino athu amapeza mtsempha pa kadzanja ka khanda la malungo tsiku ndi tsiku, nthawi zina ndi tochi ya foni. Chimene akusowa ndi kuphunzitsidwa kasungunulidwe ka mankhwalawo ndi kawerengedwe ka mlingo wake malinga ndi sikelo ya mwana. Ameneyo ndi maphunziro a tsiku limodzi, ndipo aphunzitsi ake ndinu.

Dandaulo lachiwiri ndi limene landisowetsa tulo. Sukulu zikatsekera kumapeto kwa Julayi, ng'oma zimayamba kulira, anyamata amapita ku ndagala, msasa wa jando. M'misonkhano yonse imene ndakhala nanu, m'timabuku tonse timene mwatipatsa, mawu oti jando sindinawaonepo.

Ndinali ndi achimwene anga, otsatana ndi ine kumtunda. Anali mwana wa zilonda zosapola, wa mabondo otupatupa, woti dzino likagweduka amayi ankachezera usiku wonse ndi kansalu pakamwa pake. Anthu ankati ndi wofooka chabe. Ndili sitandade 3 anapita ku jando ndi anzake. Masiku amenewo za ku ndagala sizinkanenedwa kumudzi, ndipo amayi anaphika, anagula nsalu yatsopano, anakonzeka kuvina ngati anzawo onse. Tsiku lotuluka anamwali ndi pamene anadziwa. Nsalu ija anaisunga m'sutikesi mpaka imfa yawo. Pamaliro a amayiwo, azakhali ena okalamba anandinong'oneza kuti mlongo wa agogo athu aakazi nayenso anatsala ku ndagala. Patapita zaka zambiri, dokotala wa m'komiti yanu atajambula mabokosi ndi timizeremizere papepala kundionetsa mmene matendawa amayendera, ndinaona achimwene anga m'bokosi lina, agogo aja m'bokosi lina, mwana wa achemwali m'bokosi la pansi. Ndinalephera kuyankhula.

Musandimve molakwa, sindikulimbana ndi jando. Inenso ndinavinidwa, ndipo mwambo umene ndinalandira kumeneko ndi umene ndikuyendera lero. Angaliba si adani athu. Palibe ngaliba amene amafuna mwana amufere m'manja. Chimene alibe ndi chidziwitso chimene inu muli nacho, ndipo chidziwitsocho si chovuta. Ndi mafunso ochepa ofunsa mayi mwana asanatengedwe: Kodi mchombo wake unavuta kuuma? Pokwawa ankatuluka mabala akuda m'maondo ndi m'zigongono popanda chomumenya? Akadziluma lilime kapena dzino likachoka, magazi amatenga masiku? Mabondo amatupa okha? Kuchimuna kwa amayi ake, amjomba kapena agogo, alipo amene anamwalira ndi magazi osaleka? Yankho limodzi likakhala eya, mwanayo ayambe wakayezedwa. Ndipo munatiuza nokha kuti mwana wa himofiliya angathe kuchita mdulidwe kuchipatala, atalandira factor asanadulidwe komanso masiku otsatira mpaka bala litapola. Akachira akhoza kukalandira mwambo ndi anzake, osakhala choseketsa pamudzi. Uthenga umenewu ukanafika kwa ngaliba aliyense, kwa nakanga aliyense, kwa mfumu iliyonse yopereka chilolezo cha ndagala. Nanga n'chifukwa chiyani umathera m'chipinda cha hotela pa 17 Epulo, tsiku lokumbukira himofiliya padziko lonse?

Tsikulo timalilemekeza. Munatiuza kuti ndi tsiku lobadwa la Frank Schnabel, amene anayambitsa World Federation of Hemophilia mu 1963, iyenso ali wodwala matenda omwewa. Mumakondanso kutisimbira za Mfumukazi Victoria ya ku Britain, mmene matendawa anayendera mwa ana ake aakazi mpaka kukafika ku banja lachifumu la ku Russia. Nkhani yokoma, koma kuno siigwira mtima. Bwanji osasimba za Al-Zahrawi, dokotala wachisilamu wa ku Córdoba, amene zaka pafupifupi 1,000 zapitazo analemba za amuna a mtundu umodzi omwe ankamwalira ndi magazi chifukwa cha tizilonda tating'ono? Shehe atanena zimenezi pa Ijumaa, anthu a Mangochi angatchere khutu kuposa kumva za ku London.

Tawerengeraninso nokha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 1.1 miliyoni m'boma lino. Mumati mwa anthu 10,000 alionse, mmodzi amakhala ndi himofiliya. Ine masamu ndimaphunzitsa: pamenepo pakutuluka anthu opitirira 100. Ife amene timakumana pa boma timakwana pa mabenchi awiri. Enawo ali kuti? Ena ali m'midzi akutemedwa mphini pa mabondo otupa, magazi n'kumachucha mpaka m'mawa. Ena akukonzekera kupita ku ndagala chaka chino. Ena anapita kale ngati achimwene anga, ndipo pamaliro pawo panatchulidwa dzina la nkhalamba ina yosalakwa.

Chimene chimandipweteka n'chakuti kuno ndi kumene ntchito yanu ikanaphweka kuposa kwina kulikonse. Matendawa amatsata mzere wa kuchikazi, ndipo ifenso mtundu timawerengera kuchikazi. Chithunzi cha mabokosi chimene mumavutika kujambula, mwini mbumba aliyense ali nacho m'mutu. Mufunseni, akuuzani ana a alongo ake onse, zidzukulu zawo, amene anakwatiwa ku Katuli, amene anasamukira ku Malindi, amene anataya mwana wamwamuna ndi chaka chake chomwe. Mukapeza mwana mmodzi wodwala, khalani pansi ndi amjomba ake ola limodzi, mupeza mbumba yonse yofunika kuyezedwa. Simunatifunsepo.

Dandaulo lachitatu ndi kabuku ka m'Chichewa kamene munatitumizira chaka chatha. Pa tsamba loyamba palembedwa kuti, "Matendawa amabwera chifukwa cha majini amene mwana amatengera kwa mayi ake." Ndikudziwa chimene womasulirayo ankafuna kunena, ndi timbewu ta chibadwa tija. Koma akuluakulu, kuno ndi ku Mangochi. Majini kuno ndi ziwanda, zimene munthu amapita nazo kwa shehe kuti akamupempherere. Apongozi a achemwali anga anawerengeredwa kabukuko ndi mdzukulu wawo, ndipo anangoti, "Si izi, ngakhale achipatala avomereza." Uthenga unafika ku Joni tsiku lomwelo. Ndinayenda maulendo atatu kukakambirana ndi ankhoswe kuti banja lisathe, kabuku kanu kali m'thumba ngati umboni wa mbali inayo. Mawu amodzi okha. Mukanapatsa mmodzi wa ife kuti awerenge musanasindikize, akanakuuzani pa mzere woyamba.

Ndipo kabukuko kanasiya zimene zikanateteza mayi. Sikananene kuti mayi wonyamula matendawa sanasankhe, sanachimwe, naye anangobadwa nawo. Sikananene kuti pa mimba iliyonse ya mwana wamwamuna mwayi ndi theka kwa theka, ngati kuponya ndalama m'mwamba, n'chifukwa chake ine ndili bwino pamene achimwene anga a bere limodzi anadwala. Sikananene kuti bambo wa himofiliya sapatsira ana ake aamuna, koma ana ake aakazi onse amanyamula, kutanthauza kuti nthawi zina gwero ndi agogo aamuna. Sikananene kuti mwa odwala atatu alionse, pafupifupi mmodzi amabadwa nawo m'banja loti matendawa sanamvekemo n'kale lonse. Za Chiyao ndiye musanene, mulibe ngakhale chiganizo chimodzi, pamene agogo ambiri amene amalera ana amenewa Chichewa amangochimvera patali.

Dandaulo lachinayi ndi lalifupi. Mwana akafika pa chipatala chaching'ono ndi bondo lotupa, wachipatala amene sanamvepo za matendawa amachita zimene amachitira aliyense: jakisoni wa pathako ndi mapiritsi a brufen kapena diclofenac. Zonsezi munatiletsa, pamodzi ndi aspirin, munati panado yekha. Koma mayi wa kumudzi angatsutse bwanji munthu wovala yunifolomu? Mayi wina wa m'gulu lathu anayesa, anafunsidwa kuti, "Dokotala ndi inu kapena ine?" Thako la mwanayo linatupa sabata ziwiri. Wachipatalayo sindimuimba mlandu, palibe anamuuza.

Lachisanu ndi magazi amene munatenga. Zaka ziwiri zapitazo munabwera ndi ofufuza, tinasaina mapepala, ena anadinda chala, munatenga magazi a ana odwala, a amayi awo ndi a alongo awo. Munati tidzadziwa amene akunyamula. Mpaka lero zii. Mlongo wake wa mnyamata wathu tsopano ndi namwali, amataya magazi ambiri akakhala kumwezi, ndipo anthu ayamba kale kufunsira. Munatiuza kuti akazi ena onyamula amavutika chonchi ndipo pobereka pamafunika kusamala. Akandifunsa kuti, "Amjomba, zotsatira zija?" ndiyankhe chiyani? Ngati magaziwo anaonongeka panjira, tiuzeni, tidzaperekanso. Ngati zotsatira zinatuluka n'kukalowa m'malipoti a kumisonkhano ya kunja eni magazi osauzidwa, pamenepo pakufunika kupepesa.

Tsono zopempha zathu ndi izi.

1. Bwezani mabotolo a factor kuno, ngakhale ochepa ongoyambira, kuti mwana alandire jakisoni woyamba asanakwere minibasi. Amene atsala pang'ono kutha mphamvu muziwasinthanitsa ndi a mumzinda. Kaundula wake tili okonzeka kuthandiza kusunga.

2. Mwezi wa Julayi usanafike, mmodzi wa inu abwere adzakhale pansi ndi angaliba, anakanga, mafumu ndi mashehe. Mafunso aja alembedwe pa pepala limodzi, m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo mfumu isapereke chilolezo cha ndagala mafunsowo asanafunsidwe. Mutiuzenso chipatala ndi masiku amene ana okayikitsa angakayezedwe, komanso dongosolo la mdulidwe wa kuchipatala kwa amene apezeka nawo. Pa zonse zimene tapempha, ichi ndiye sichingadikire ndalama za chaka chamawa.

3. Kabuku ka majini kachotsedwe. Tilembe kena pamodzi, inu mubweretse sayansi, ife tibweretse mawu. Uthenga womwewo upite pa wailesi zimene anthu kuno amamvera, monga Dzimwe, Radio Maria ndi Radio Islam.

4. Mwana aliyense wopezeka ndi matendawa akhale ndi chidindo kapena pepala lomatidwa pachikuto cha buku lake la kuchipatala, lonena mtundu wa himofiliya yake, kaya ndi A yosowa factor VIII kapena B yosowa factor IX, mankhwala oletsedwa, ndi nambala ya foni ya dokotala amene angayankhe ngakhale usiku. Palembedwenso kuti akamenyetsa mutu asadikire pamzere.

5. Phunzitsani anamwino, madokotala a m'zipatala zing'onozing'ono, ozula mano ndi alangizi a zaumoyo. Ophunzira udokotala a ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu, amabwera kuno ku Mangochi kudzaphunzira za umoyo wa m'midzi. Kambiranani ndi aphunzitsi awo kuti poyenda m'makomo azifunsako za magazi osaleka. Mutithandizenso kupempha kuti tranexamic acid, amene amathandiza magazi a m'kamwa ndi m'mphuno ndipo safuna furiji, azipezeka pafupi.

6. Zotsatira za magazi zibwere, banja lililonse liuzidwe palokha, mwachinsinsi, ndi munthu wodziwa kufotokoza.

7. M'komiti yanu mukhale kholo limodzi kapena wodwala mmodzi wochokera kumaboma, wokhala ndi mawu pa zigamulo, osati woitanidwa kudzajambulitsa. Ndipo kalata iliyonse yotikhudza izibwera m'chiyankhulo chimene timamva.

Tamva kuti kunja kuli mankhwala otchedwa emicizumab, amene anavomerezedwa ku America mu 2017, obaya pansi pa khungu kamodzi pa sabata kapena kamodzi pa mwezi, mwana wa himofiliya A n'kumakhala ngati anzake. Pitirizani kutimenyera nkhondo kuti tsiku lina adzafike kuno, tikukupemphererani. Koma za m'kalata ino zambiri sizifuna dola. Zikufuna galimoto imodzi, mafuta a ulendo umodzi, ndi munthu wolola kukhala pamkeka.

Achemwali anga ena, a kwa mayi aang'ono, ali ndi mnyamata wa zaka 7 amene sanayezedwe. Mwezi watha dzino lake linachoka, pilo anadzuka atafiira masiku atatu otsatizana. Bambo ake atumiza kale ndalama ya ngaliba, ya nkhuku ndi ya zovala zotulukira. Ine monga mwini mbumba ndakana kuti asapite chaka chino, ndipo pamudzi sakundiyankhula bwino. Ndilibe pepala lililonse loti ndiwaonetse, ndili ndi mawu anga okha ndi manda a achimwene anga.

Angaliba awiri a m'dera lathu ndakambirana nawo, avomera kukumana nanu ndipo ati aitana anzawo. Agulupu apereka bwalo. Mipando tibwereka kusukulu, nsomba ya nkhomaliro tisonkherana. Andifunsa kuti adokotalawo abwera tsiku liti, ndawauza kuti ndiwayankha ndikamva kwa inu.

Ine wanu mwaulemu,

Amjomba a mwana wodwala himofiliya,
m'malo mwa makolo a gulu la Mangochi